Tamva Si Tavomera

Mpama, Chiradzulu
12 Juni 1953

Okondedwa atsibweni a Francisko,

Choyamba ndifunse za moyo wanu ku Halale kumeneko. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tilipo, kungoti mlongo wanu mwendo ukuwavutabe.

Kalata yanu ndalandira. Zimene mwamvazo n'zoona: andichotsa pa maphunziro a utolankhani amene munandipezera ku Limbe aja, kutatsala mwezi umodzi kuti ndilandire setifiketi. Koma mumve mbali yanga.

Mzungu wotiphunzitsa ankati nkhani iziyankha mafunso asanu: ndani, chiyani, kuti, liti, chifukwa ninji. Ndinaloweza ngati katekisimu. Kenaka ananditumiza ku Namitambo, poti ndi kwathu, kukalemba za msonkhano wa Chitaganya, chofuna kutimanga pamodzi ndi Rodeshiya chija. Bwana wa boma analankhula mpaka dzuwa kupendeka. Atafunsa maganizo, anthu anangoti tamva, n'kunyamuka.

Ndinalemba momwemo. Mzunguyo anafufuta, n'kulemba kuti anthu a ku Namitambo avomera. Akuti Chinyanja anachiphunzira bwino m'buku, kumva ndi kuvomera n'chimodzi. Anati ndikopere choncho, dzina langa pansi pake.

Ndinakana. Ndinamuuza kuti sukulu ya mawu amenewa ndinaiphunzira kwa amayi anga, a Nabanda. Inu mukuwadziwa. Bambo atawaletsa kufulula mowa, anagwada bwinobwino n'kunena kuti ndamva. M'mawa mwake chimera chinali chili pamphasa. Akhala akumva choncho zaka makumi awiri.

Mzunguyo sanaseke. Anati ndisankhe, setifiketi kapena makani. Ndinatenga chipewa changa.

Zikundiwawa, sindibisa. Ntchitoyo ndimaikonda, komanso ndakuchititsani manyazi. Koma pamsonkhano paja panali a Mikaele, amene anandigwira dzanja pondiphunzitsa kulemba dzina langa. Akanaliona dzinalo pansi pa bodza, ndikanadzera njira iti popita kutchalitchi? Panopa ndikulemba pamanja zimene anthu ankanena pobwerera ku msonkhano, ndipo mapepalawo akuyenda okha m'midzi.

Mwalemba kuti ndibwerere ku Limbe, ndikagwade, ndikapepese, ndikalembe zimene akufunazo. Atsibweni, ndinu aakulu, mawu anu sindingawaponde. Ndamva.

Mulungu akusungeni m'dziko la eni. Mundiperekere moni kwa azakhali a Nester ndi ana onse. Kalata yanu ndawawerengera amayi. Akuti nawonso amva.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Silvesta