Chimbale Choopsezera Mbalame

Tampere,
9 Sepitembala 2018

Okondedwa achimwene Tuukka,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti Amayi bondo lija likuwavutabe.

Kalata yanu ndinailandira. Mwati kompyuta yanu inafa ndi nyimbo zonse za gulu lanu lija, ndipo chimbale chachitatu, chomwe simunachitulutse, chatsala ndi chokhacho chomwe munandisiyira ine. Mukuti ndikutumizireni msanga. Ndakhala milungu itatu osayankha, ndipo si ulesi ayi.

Mukudziwa kuti chamba chanu cha nyimbo zaphokoso za metal ine sindinkachifuna. Nyimbo imodzi mphindi makumi awiri, zoona? Munthu ukati ugwedeze mutu, ng'oma yasintha kale mayendedwe, watsala wekha ngati chitsiru. Ndinakuuzani pamaso pa anzanu kuti zikumveka ngati supuni yagwera m'makina ochapira. Munangoseka, koma kuchokera tsiku limenelo simunandiimbirenso kanthu.

Pofufuza m'makatoni ndinapeza zimbale ziwiri zoyamba. Ndinaika chimodzi m'galimoto popita kuntchito, kungofuna kuona ngati chikulira. Batani lodumphira nyimbo linafa kalekale, ndiye ndinangopirira. Achimwene, bwanji simunandiuze kuti munthu uyenera kudikira? Ine ndinkazimitsa pa mphindi yachitatu. Kani pa mphindi yachisanu ndi chinayi phokoso lonse limatha, n'kutsala gitala yanu yokha ikuyenda pang'onopang'ono, kenako kanyimbo koyambirira kaja kamabwerera katasintha. Ndinaimika galimoto pambali pa msewu n'kulira, kwinaku ndikukunenani. Zaka khumi zathunthu ndili nazo m'nyumba! Tsopano ndikungozibwereza, ndipo zikundipsetsa mtima kuti n'zokoma chonchi.

Ndinene tsono zomwe ndakhala ndikuzizemba. Chachitatucho m'makatoni munalibe. Loweruka ndinapita kwa Amayi kukawafunsa.

"Tizimbale tonyezimira tija?" anatero Amayi. "Iwe Saima, waiwala? Unabweretsa wekha kuti tiziopsezera mbalame pa sitiroberi. Unati tilibe ntchito."

"Ndi cha achimwene chomwe chinali momwemo?"

"Ine ndidziwa bwanji? Koma tathandiza, chaka chino mbalame sizinalawe n'imodzi yomwe. Umuuze kuti nyimbo zakezo zapeza ntchito."

Ndinachipeza chikulendewera pa chingwe kudimba, dzina lanu litafufutika. Chakhala pamenepo zaka ziwiri, dzuwa, mvula ndi chisanu zonse zili pa icho. Ndachitsuka, ndachipukuta ndi mankhwala otsukira mano monga anandilangizira mnzanga wakuntchito, ndapita nacho kwa katswiri m'tauni. Nyimbo zinayi zapita basi. Yoyamba yokha ndiyo ikulira, mpaka mphindi yachisanu ndi chiwiri, pomwe gitala yanu imayamba kukwera, kenako zii.

Ndachitumiza choncho lero. Mundikalipire mmene mungafunire, wolakwa ndine. Koma chonde, ngati zala zikukumbukabe, tengani gitala mujambule ngakhale pafoni, ngakhale popanda ng'oma. Chidutswa chimenecho ndachimvetsera kosawerengeka, ndipo mutu ukundiwawa chifukwa sindikudziwa kuti mumapita kuti pambuyo pake. Wodziwa mwatsala nokha.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa mwana wathu Aune. Amayi nawonso akupereka moni ndipo akufunsa ngati mubwera pa Khirisimasi. Sindinawauze kuti chimbalecho chinali chokhacho chotsala.

Ndine mlongo wanu wogontha,
Saima