Ndasiya kumutafunira Lusekelo

Lachitatu, tsiku la sikelo. Kunja kwatentha, ndipo mtima wanga suli m'malo.

M'mawa ndinapita ndi mwana wanga Lusekelo kuchipatala. Namwino atamuyeza, anamukweza mlomo n'kuona timadontho takuda pa mano akutsogolo. Kenaka anati, "Mayi, tayasamulani inunso." Ndinachita manyazi. Dzino langa lobowoka lija, lomwe ndakhala ndikulitseka ndi thonje, analiona nthawi yomweyo. Anandifunsa ngati ndimamutafunira mwana chakudya, ndipo ndinavomera. Akuti tizilombo ta m'kamwa mwanga ndimamupatsira kudzera m'malovu, ndipo tiyi wa shuga amene amagona naye m'botolo ndiye chakudya cha tizilomboto.

Nanga ndiuze ndani? Bambo ake ali ku Songwe ndi galimoto ya katundu, foni sakuyankha. Apongozi nditawafotokozera anati, "Ana anga onse ndinawatafunira, mano ali mbee." Atatero anatembenukira kwa alamu n'kuyamba kuyankhula Chinkhonde, chomwe ine sindimva. Ine ndinangomva dzina langa ndi kuseka. Amayi anga akanandimvetsa, koma kwathu ku Balaka n'kutali.

Madzulo ano ndamuphwanyira nthochi zophika ndi supuni, osalawako n'komwe. Lusekelo wakana. Wakankha supuniyo uku akulira, n'kulowetsa zala m'kamwa mwanga, kufunafuna chakudya chake pamene amachipeza masiku onse. Ndatseka pakamwa. Wasiya kulira, n'kundiyang'ana ngati mlendo.

Mawa ndikazulitsa dzinoli. Koma pakhomo pano, ndi iye yekha amene anali asanandiyang'anepo choncho.