Beseni Lanu Lobiriwira M'khola la Nkhuku

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Chawama tilipo. Mvula yayamba, ndipo matope a pamsewu wathu akumezabe nsapato za anthu monga munawasiyira. Mlongo wanga Tisa wabereka mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo pakamwa watengera inu: akayamba kulira saleka mpaka tonse tivomere kuti talakwa.

Khola lija munkalitcha "digiri ya mwana wanga" ladzaza mabroila, nkhuku zoti tigulitse pa Khirisimasi. Koma mwezi wathawu ndinatsala pang'ono kuwataya onse. Utuchi woyala pansi, umene ndimagula kwa akalipentala a ku Kalingalinga, unkapezeka wonyowa tsiku lililonse. Ukaufinya m'dzanja unkaumbika ngati dongo. Fungo la zitosi linkaluma m'maso, nkhuku zinayamba kutsokomola, zina kuchita zitosi zamagazi. Zingapo ndinazikwirira. Ndinamata malata, ndinakweza zomwera madzi, ndinapinda masaka a m'mazenera kuti mphepo izidutsa. Utuchi uli chinyowere.

Tsiku lina ndinalawirira, ndipo wolakwa ndinamugwira: amuna anu! Anali ndi beseni lanu lobiriwira lija, akuwaza madzi m'khola ndi dzanja, monga munkachitira pabwalo musanasese. Paja munkati, "Wosesa pouma amadyetsa anansi fumbi." Chitisiyireni inu pa dziko lino, atate anatenga ntchito yanu ya m'mawa, ndipo pabwalo patawachepera analowa nayo kwa nkhuku.

Ndinati, "Atate, nkhuku si anansi, zimakonda pouma. Chinyezichi ndicho chikuzipha." Anayang'ana beseni, kenaka anati, "Nanga ine m'mawa ndizichita chiyani?"

Ndiye ndinawapatsa fosholo. Utuchi wonyowa tinauchotsa wonse, tinayala wouma, ndipo dokotala wa ziweto anatipatsa mankhwala othira m'madzi akumwa. Tsopano kukacha atate amatembenuza utuchi, amachotsa pamene paundana, ndipo nkhuku ikataya madzi amaikalipira ngati mwana wasukulu. Anyamata a pamsika awatcha "ba manijala". Amakana dzinalo, koma akaitanidwa amatembenuka.

Manyowa aja tinawaunjika kutali ndi khola kuti awole, pafupi ndi kadimba kanu ka repu. Beseni nalo lasamukira komweko. Atate amathirira repuyo ngakhale mvula itangogwa kumene, ndipo ine sindiwaletsa. Repu satsokomola.

Nkhuku zotsala zikudya ngati alendo a pamaliro, zifuwa zikulemera, ndipo amayi a pamsika ayamba kale kudzasuzumira. Yonenepa kwambiri sindigulitsa, ndi ya Tisa, kuti dzina lanu liyamwe bwino.

Gonani mumtendere, Amayi. Nkhuku ndizisunga pouma, ndipo amuna anu sindidzawalola kudzuka opanda chogwira m'manja.

Ndine wanu wokukondani,
Yona