Dzira la Mphezi

4 Juni 1956

Kukuzizira. Mphezi tsopano akumva: ndikaimba mluzu kawiri amasiya chilichonse, kubwera, kukhala pansi. Ndampatsa mutu wa mlamba wouma. Amayi akuti kodi sukulu yonse ija ndinapitira kudzaphunzitsa galu? Ndati galuyu akugwira msanga kuposa ana anga a Sitandade 2 ku Nzama. Sanaseke.

Mawu a Redson chaka chatha, pondisiyira kagaluka akupita ku Joni kukasaka za malowolo anga: "Akalakwa, kamtengo pamphuno pomwepo, kamodzi kokha. Ukatero umuitane, umpatse kanthu. Asagone akukuopa." Akadzabwera adzapeza galu wopita naye ku uzimba.

11 Juni

Wathamangitsa mbuzi za a Zelesi a kuseriku. Kamtengo kamodzi, kenako mbatata yootcha. Tagwirizana.

Mazira awiri asowa m'chisa. Amayi akuti ndi Mphezi, mankhwala ake ndi dzira lotentha m'kamwa, sadzayambiranso. Ndakana. Redson sangalole.

19 Juni

A Cosmas, msuweni wa Redson, afika kuchokera ku Joni. Njinga yatsopano, chipewa, fungo la mafuta. Polankhula nane maso pansi. "Achemwali, musadikirenso. Mnzathu uja anakwatira konko, mkazi ndi woyembekezera." Akuti wanditumizira mpango.

Mpango! Ndatsekera nawo bowo lolowera mphepo kuchipinda.

Sindinalire. Ndachonga masamu a ana, onse olakwa.

20 Juni

Ndampeza Mphezi m'khola la nkhuku, kukamwa kuli chikasu. Ndinawiritsa dzira. Ndinaimba mluzu uja, kawiri. Anabwera mchira uli pukupuku, nakhala pansi, kudikira mutu wa mlamba.

Dzira m'kamwa, ndinamutseka pakamwa ndi manja onse awiri. Kulira kwake kumatulukira m'mphuno. Anandichotsapo ndi amayi: "Lufina, basi! Wakwatira ku Joni si ameneyu!"

Sindinamuitane. Sindinampatse kanthu.

24 Juni

Kulibe. Kudambo, kumanda, kwa amake a Redson, ndafikako. Ine, kukagogoda pakhomo limenelo chifukwa cha galu. Anandipatsa mpando. Ndinaimirira.

Pobwerera a Zelesi ali pamtondo: "Kodi aphunzitsi, nayenso wapita ku Joni?" Mawu amenewa ndawasunga. Sadzaola.

Amayi akuti fisi. Akhale chete.

29 Juni

Wabwera masana, ndikuchokera kusukulu. Anaima pansi pa mpichesi, nthiti zokhazokha, milomo zilonda. Ndinafuna kuimba mluzu, wosatuluka. Ndiponso ndi mluzu womwewo ndinamunamiza nawo.

Wabwera yekha. Wakhala pansi monga ndinamphunzitsira. Wanyambita dzanja lomwelo. Chitsiru cha galu. Ine munthu atandichita zotere, angakwawe ndi maondo kuchokera ku Kandeu, sindingamuyang'ane.

Kutafuna sangathe. Phala lozizira, pang'onopang'ono, ndi zala. Amanjenjemera, ndiye ndasolola mpango uja pabowo kuti ndimufunditse. Waununkhiza. Waununkhizanso. Wadzuka, miyendo ili gwedegwede, mpaka kumapeto kwa bwalo, kukakhala moyang'ana kumsewu, mchira ukusesa fumbi.

Ndamuitana. Sanacheuke.

Pa ichi kamtengo ndilibe. Chompatsa ndilibenso. Ndapita kukakhala naye.