Kompyuta Ikuwakana Bambo

Chiputula, Mzuzu

Okondedwa achimwene Zakeyo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Blantyre kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kwazizira, koma tadzuka. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumandidula ndisanamalize.

Mukudziwa kuti ku ofesi kwathu, komwenso bambo amagwira ntchito ya ukalaliki, ndine ndimasamala makompyuta. Mwezi watha tinasintha zinthu. Ntchito zonse tsopano zili pa kompyuta imodzi yaikulu yotchedwa seva, ndipo ndinailumikiza ku kaundula wa antchito onse. Ukakhala pa desiki iliyonse umalemba dzina lako ndi pasiwedi yako, mawu achinsinsi aja, zako zonse n'kutseguka. Ukalakwitsa katatu imakutsekera kunja.

Kale pasiwedi inali imodzi ofesi yonse, ndipo woyamba kufika ankatsegulira anzake. Zambiri zinkabisala mmenemo.

Achimwene, bambo sakuona bwino. Akutsekeredwa pafupifupi tsiku lililonse, ine n'kumatsegula mwakachetechete ngati sindinaone. Dzana ndinaima kumbuyo kwawo. Nkhope inali pafupi kugunda kiyibodi, chala chikufufuza zilembo. Nditafunsa, anandikalipira kuti vuto ndi makina angawa, iwo anayamba kutaipa ine ndisanabadwe.

Tsoka lake, makinawo amadziwitsanso abwana athu, mayi Winifred, munthu akatsekeredwa. Iwo akuganiza kuti pali mbava ikufuna kulowa ndi dzina la bambo, ndiye akufuna ndikafotokoze pamsonkhano wa antchito onse Lolemba. Anamaliza ndi kuthokoza kwawo kuja kwa "yewo chomene", koma maso sanali kuseka.

Ndikanama, ntchito yanga yatha, pakuti makinawo amasunga zonse. Ndikanena zoona, ndawavula bambo pagulu. Mtima wanga suli m'malo.

Ine ndine chitsirizira, sangandimvere. Inu amakumverani. Chonde kwerani basi Lachisanu, mudzawatengere ku chipatala cha maso, ndipo muwanyengerere akaonane okha ndi abwana Lolemba lisanafike.

Musandiuze za kutanganidwa. Dzulo, atalakwitsa kawiri, anandiitana n'kundinong'oneza pasiwedi yawo kuti ndiwalembere, chinthu choletsedwa. Ndi dzina lanu, achimwene, ndi chaka chimene munabadwa. Zilembo za dzina lanu ndi zimene akulephera kuzipeza.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni panjira, ndidzakudikirani padepoti.

Ndine mlongo wanu,
Marjorie