Zala Ziwiri za Kumanzere

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko, inu, alamu ndi tiana tanga? Kuno tilipo, ngati mawu a woimba ndi okhulupirika.

Mbendera zikwezedwe, mawailesi alengeze: mlongo wanu wagula mpando. Wa miyendo itatu, wopanda potsamira. Pa siteji tsopano ndikumaimba gitala chokhala, ngati woweruza milandu.

Paja ndinakuuzani kuti gulu langa la jazi ndinalisiya chifukwa utsogoleri ndi ntchito yolera akuluakulu a ndevu. Pano ndikuimbira Kalipenga, woliza lipenga wanga wakale uja. Malo anga ndi kumbuyo, pafupi ndi ng'oma, pomwe magetsi safika bwino.

Mu jazi, achemwali, mtsogoleri salankhula. Nyimbo ikafika pakati amangokuyang'ana n'kugwedeza mutu. Basi, bwalo ndi lako, uimbe wekha za m'mutu mwako anzako akukuperekeza. Kalipenga ndi mwana waulemu, nyimbo iliyonse amayambira ine. Ulemu wakewo ndi umene ukundiwondetsa. Akangotembenuka, ine maso pa nsapato. Wang'oma wandifunsa kale ngati digiri yanga ija anailemba pa zidendene.

Tsono Loweruka tikajambula chimbale. Kalipenga wapeka nyimbo yothamanga ngati mbala, akuti ndi mphatso yanga, dziko likumbuke kuti mdala akadalipo. Anandiuza misozi ili m'maso. Ndinamuthokoza.

Achemwali, zala ziwiri za kumanzere sizikumva. Kachala kakang'ono ndi kanzake. Ndikadina nsambo ndimachita kuyang'ana kuti ndidziwe ngati ndadina. Zinayamba ndikadali kutsogolo, n'chifukwa chake ndinathawira kumbuyo. M'holo anthu amamwa, amaseka, zolakwa zimapita ndi phokoso. Makina ojambulira samwa.

Kuchipatala ndinapitako, koma ndinakabwerera pakhomo osalowa. Chonde bwerani mudzandigwire dzanja tikalowe limodzi, monga munkachitira masiku a jakisoni. Amayi musawauze kaye. Iwo akudziwa kuti mwana wawo ndi bwana wa oimba, asiyeni agone.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti uphungu wawo wakuti ndikanakhala mphunzitsi ndikuusungabe pouma. Mulungu akusungeni nonse.

Mawa ndikamuuza Kalipenga kuti nyimboyo apatse wa piyano. Ndi yokoma, achemwali. M'mutu mwanga ndimaiimba yonse, osaphonya.

Ine mlongo wanu,
Wagitala