Amayi Atsala ku Pocheon

Lolemba, 7 Januwale 2019

Anditenga. Koleji ya ku Taiwan ija yayankha: malo alipo, maphunziro a unamwino, fizi andilipirira, kogona n'komweko. Sukulu ili pa tchuthi koma aphunzitsi a Pyo anandiimbira kuti ndithamangire ku ofesi kwawo. Kalatayo ndaiwerenga katatu pa kompyuta, iwo ataima kumbuyo kwanga ndi khofi amene anaiwala kumwa.

"Anujin, ukawerenganso kachinayi zilembozo zifufutika," anatero.

Pasukulu ponse ndi iwo okha amene amadziwa nkhani ija. Kuti ndinabwera kuno ku Pocheon, ku Koreya, kuchokera ku Mongolia ndili ndi zaka zitatu, kuti viza ya makolo anga inatha ndisanadziwe n'komwe kumanga nsapato, kuti nambala ya chitupa imene mwana aliyense ali nayo ine ndilibe. A boma mwana wa sukulu samugwira. Koma pa 8 Febuluwale ndikulandira satifiketi, ndipo kuyambira tsikulo sindinenso mwana wa sukulu.

A Pyo andijambulira njira yake papepala. Ndituluke ndekha m'dziko muno ndisanagwidwe, ndipite ku Ulaanbaatar, ndikapemphe viza ya ophunzira komweko, kenaka Taiwan. Ndinafunsa za kubwereranso kuno. Anati, "Pamenepo sindikunamiza, sindikudziwa."

Amayi ndawauza atangofika kuchokera ku fakitale ya masokosi. Anakhala pansi asanavule jekete. Anafunsa ngati ku Taiwan kumazizira. Ndinati ayi. "Chabwino," n'kudzuka kukatsuka mpunga.

Lachinayi, 10 Januwale

Mnzanga Dasom wamva za ku Taiwan kwa a Pyo. Wandipeza pasiteji ya basi nkhope ili gwa.

"Ndiye iwe A-jin, zaka zisanu ndi chimodzi tikudyera tebulo limodzi, ine n'kumvera kwa aphunzitsi? Abwana a kunja. Ndigulire makeke a nyemba awo, mwina ndikukhululukira."

Ndamugulira. Akutafuna akuti, "Komatu ulendo wa kalasi wa ku Jeju unakana, unkati umaopa ndege. Mantha atha liti?" Ndinati ndakula. Sindinaopepo ndege ine. Pokwera ndege amafunsa chitupa.

Akuti tchuthi chilichonse ndizibwera. Ndinagwedeza mutu movomera. Bodza lina pamwamba pa ena aja.

Lachiwiri, 15 Januwale

Ku Seoul, ku ofesi ya kazembe wa Mongolia, kukatenga pasipoti imene tinapempha mu Novembala. Mayi wa pazenera anandifunsa funso lalitali m'Chimongoliya, ndinangotolapo mawu awiri. Changa n'cha kukhitchini: idya, gona, tseka chitseko. Anabwereza pang'onopang'ono, osandiseka.

Kabuku kofiira. Nkhope yanga ilimo, ndipo pamwamba pa dzina langa pali la Ababa, Batsaikhan. M'sitima ndinkangokatsegula ndi kukatseka.

Ababa anawagwira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, akudikira basi yopita ku ntchito, n'kuwatumiza kwawo. Poyamba ankaimba Lamulungu lililonse, kenaka pa chaka chatsopano pokha, kenaka ankangofunsa za ine. Iwo ndi Amayi sanakanganepo. Zokamba zinangowathera. Amayi akuti Ababa ndiwo adzandichingamire ku bwalo la ndege. Kaya ndidzawazindikira.

Lachisanu, 18 Januwale

Chipale chofewa chagwa tsiku lonse. Mabuku akukana kulowa m'sutikesi.

Lachitatu, 23 Januwale

A majekete, aja amagwira anthu opanda viza, abwera ku fakitale.

Foni inalira cha m'ma 11 koloko m'mawa. Amayi, monong'ona: "Usatuluke. Usandiimbire." N'kudula. Ndinakhala pansi kuseri kwa chitseko nditavala nsapato, maola anayi. Sindikudziwa kuti nsapatozo ndinavalira chiyani.

Amayi afika cha m'ma 3 koloko pa kagalimoto ka agogo ena olima sipinachi kuseri kwa fakitale. Amayi anadumpha mpanda wa kumbuyo, n'kukwawira m'nyumba ya pulasitiki ya agogowo. Agogo atawapeza atagona pakati pa mizere anangowafunditsa matumba, n'kupitiriza kuthirira ngati palibe kanthu. Pakhomo pathu sanalowe. Anandiuza kuti, "Mwana iwe, uwaike madzi oundana," n'kumapita.

Kakolo watupa, wada bii. Zoti tipite kuchipatala Amayi akana.

Azakhali a Tuya, amene akhala pa makina oyandikana ndi a Amayi zaka khumi, awatenga. Akuti anakwera galimoto atavala masilipasi a mufakitale, jekete yawo itatsala pa msomali.

Lachinayi, 24 Januwale

Ndawauza m'mawa ndikuwamanga bandeji. Ndinati sindipita.

"Ukhala kuti uzitani?"

"Ndizigwira ntchito. Ndizikuyang'anirani."

"Ntchito yanji? Ya masokosi? Malo alipodi tsopano, makina a Tuya alibe munthu."

Zinandibaya. Ndinati ndiye tiyeni tipite tonse ku Mongolia.

"Ndikatani kumeneko? Ndani akandilembe ntchito pa msinkhu uno? Iwe ku Taiwan ukavala chiyani, ukadya mabuku?"

Ndinakweza mawu. Ndinati akadzakugwirani ndili kutali ndidzamva kwa ndani, mukadzadwala adzakuyankhulirani ndani. Ndinanenanso china choipa, kuti akadandisiya ku Mongolia ndili khanda bwenzi zonsezi kulibe.

"Dzulo ndili pamwamba pa mpanda uja ndinayang'ana pansi," anatero. "Ndinaona kutalika kwake. Ndinati mwana wanga sadzakwera pano. Nditatero ndi pamene ndinadumpha. Usandiyambitsenso kuganiza."

Sitinayankhulanenso mpaka dzuwa kupendeka, pamene anandiitana kuti ndiwathandize kupita kubafa. Anandikoloweka mkono m'khosi. Apepuka kwambiri Amayi. Sindinadziwe.

Loweruka, 26 Januwale

A Pyo agula tikiti pa kompyuta yawo, poti ine khadi ya banki ndilibe. 19 Febuluwale. Yopita yokha.

Lachiwiri, 5 Febuluwale

Chaka chatsopano cha mwezi. Taumba mabuuzi, timikate ta ku Mongolia ta nyama m'kati, kuyambira m'mawa, ine kukanda ufa, Amayi kuika nyama, mwendo atausanjika pampando. Anga akumaphulika m'poto. Akuti ndimatsina ngati ndikuopa kuti ufa ulira.

Azakhali a Tuya aimba, afika kale ku Ulaanbaatar. Akuti masilipasi aja awasunga, ndiwo penshoni yawo. Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Foni itadulidwa anabwerera ku mabuuzi, ufa uli m'manja.

Mabuuzi achuluka, ena tawayala panja pa zenera kuti aundane. Ndinafunsa kuti onsewa adya ndani. "Ine. Mpaka kutenthe."

Lachisanu, 8 Febuluwale

Ndalandira satifiketi. Amayi sanabwere, mwendo komanso mantha. Mayi a Dasom anabwera ndi maluwa awiri, ena anga. Dzina langa litaitanidwa anaomba m'manja ngati ndine wawo.

Dasom ndamuuza pa masitepe a kuseri, tisanapite kukadya. Ndinayamba bwinobwino monga ndinakonzera, kenaka zinangotuluka zonse mosakanikirana. Anayamba kusenda pulasitiki ya maluwa ndi chikhadabo.

"Ndiye ku Jeju kuja."

"Eya."

"Mpikisano wa kwaya ku Seoul, unati wadwala m'mimba."

"Ankafuna nambala pa fomu."

"Foni yakoyo ili m'dzina la ndani?"

"La abwana a Amayi."

"Chitsiru iwe," anatero, misozi ikutsika. "Ine zaka zonsezi kumakunena kuti ndiwe wonyada, sufuna kuyenda ndi anthu. Ubweranso liti?"

Ndinati sindikudziwa. Mwina zaka zambiri, mwina ayi ndithu.

"Nanga amayi ako?"

"Atsala."

Anapukuta mphuno ndi mkono wa yunifomu, poti lero ndi lomaliza kuivala. Akuti Lamulungu lililonse azipita kwathu. Ndinati usadzivutitse. "Ndani wakuuza kuti ndikupitira iwe? Ndizikadya mabuuzi ako aja."

Lolemba, 18 Febuluwale

Amayi ayambanso ntchito sabata yatha, ku fakitale ina yaing'ono, akutsimphina.

Lero andipatsa timakadi ndi cholembera chachikulu kuti ndiwalembere mawu a Chikoreya. Kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndine pakamwa pawo, kwa eni nyumba, kogula mankhwala, kwa munthu wa gasi. Cha mufakitale amachidziwa, koma akachita mantha chimawathawa. Iwo ankanena, ine n'kumalemba. Mpopi waphulika. M'nyumba simukutentha. Ndikufuna mankhwala a msana. Chonde yankhulani pang'onopang'ono.

Anayesa kuwerenga mokweza, m'malo mwa mpopi anatchula mawu ena osayenera. Tinaseka kwambiri. Kenaka anati ndilembe lina: Mwana wanga ali ku Taiwan, nambala yake ndi iyi. Pa nambala ndasiya mpata.

Lachiwiri, 19 Febuluwale

Ndikulemba m'ndege.

Ku bwalo la ndege Amayi sakanafika, kumadzaza a majekete. Tinatsanzikana pasiteji ya basi pafupi ndi msika, 7 koloko m'mawa, Dasom atanyamula sutikesi akudandaula kuti ndaikamo miyala. Amayi anandigwira nkhope ndi manja awiri n'kundinunkhiza tsaya lakumanja, monga amachitira ndikamapita kulikonse kogona. "Linalo ukadzabwera," anatero.

Basi inafika. Dasom analowetsa sutikesi pansi. Ndili pa sitepe yoyamba Amayi anandikoka jekete, n'kundinunkhiza tsaya linalo. Woyendetsa anadikira, sanaimbe hutala.

Ndinakhala mbali ya zenera. Anali atatembenuka kale, akupita ku ntchito, Dasom atawagwira mkono.

Ku ofesi ya pabwalo la ndege ndinapereka mapepala ndi kunena ndekha kuti ndakhala popanda chilolezo. Bambo wa mu ofesimo anali wa msinkhu wa a Pyo. Anati, "Chikoreya mukuyankhula bwino kwambiri." Ndinati ndi chokhacho chimene ndimachidziwa bwino. Anayang'ananso chaka chimene ndinalowera m'dziko, anawerengera ndi zala pansi pa tebulo, ndinamuona. Ndinafunsa ngati ndingadzabwerenso. Anati zimenezo adzaona ndi a viza nthawi yake ikadzafika, iye sangalonjeze. Anadinda. Pondibwezera pasipoti anagwira ndi manja awiri.

Ndege sikuopsa. Pansi pakuoneka nyanja, kenaka mitambo basi.

Lachitatu, 20 Febuluwale

Ulaanbaatar. Kuzizira kwa kuno kumaluma m'mano, ndipo mpweya ukununkha malasha. Ku ofesi ya viza ndipita Lolemba.

Ababa ndinawapitirira. Ndinkafunafuna munthu wamtali wa tsitsi lakuda. Amene anandigwira phewa ndi bambo wamfupi kundiposa pang'ono, wa imvi, atanyamula chikhotho chachikulu chachimuna. Anayamba m'Chimongoliya, ataona nkhope yanga anasiya. Anafufuza m'mutu, n'kutulutsa Chikoreya chawo chakale cha mufakitale: "Wadya mpunga?" Ndinati eya. "Ntchito yabwino," anatero, n'kundiveka chikhothocho, kumanga mabatani onse mpaka m'khosi.

Amakhala okha, chipinda chimodzi pa nsanjika yachinayi. Bedi andipatsa ine, iwo ayala pansi.

Masana, nthawi yopuma ku fakitale, Amayi aimba pa vidiyo. Anali panja, atatsamira khoma, chigoba cha chakudya pa maondo. Anafunsa ngati ndavala zokwanira, ngati pasipoti ndaisunga bwino. Ababa atamva mawu awo anadzuka kukaima pazenera, kumbuyo kwa foni.

Amayi anatsitsa mawu. "Ali pomwepo?"

Ndinati eya.

"Akalamba?"

Ndinangotembenuza foni.

Anayang'anana. Kumbali ya Amayi kunkamveka makina, kuno wailesi ya oyandikana nawo. Ababa anavula chipewa, kenaka anasowa pochiika. Patapita nthawi ananena mawu ochepa m'Chimongoliya, ndipo amenewo ndinawamva, ndi a kukhitchini: "Waonda. Ukudya?"

Amayi anaphimba pakamwa ndi dzanja.

Ndinawapatsa Ababa foniyo m'manja, ndinavala chikhotho chija n'kutuluka. Ndikulemba nditakhala pa masitepe. Papita mphindi makumi awiri, nthawi yopuma ya Amayi inatha kale, ndipo m'katimo akuyankhulabe.